Maliro opanda nyimbo chifukwa cha mlamba

Bambo anga anali msodzi wa ku Chia, ndipo ankapembedza Loweruka. Mpingo wawo umaletsa nsomba yopanda mamba: mlamba, kampango, bombe, zonsezo ayi. Zaka zambiri ankamvera. Mlamba ukakodwa mu ukonde, ankapatsa anzawo. Koma atayamba kudwala, chakudya chikukana kulowa, msuzi wa mlamba wowamba wokha ndi umene unkatsika pakhosi. Mayi ankawaphikira. Wina anaona, nkhani inafika kumpingo, bambo anaimitsidwa.

Iwo sanadandaule. Ankangoti, "Mwanawe, Yesu sanafere mamba, anafera ine." M'mawa uliwonse ankapempherabe atatsamira khoma.

Atamwalira, mayi anandituma kwa mkulu wa mpingo kukapempha kuti kwaya ibwere. Woimitsidwa amaikidwa popanda nyimbo za mpingo, ndipo mayi ankaopa zimenezo kuposa umasiye. Anandigwira mkono: "Ukalankhule bwino. Mtima wakowo uusiye pano."

Mkuluyo ndinawapeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Anali mnzawo wa bambo, ankapalasa bwato limodzi.

"Pepa mwana wanga," anatero, "koma lamulo sindinalilembe ine."

"Nanga munthu amalungama ndi chiyani, abambo? Si inu nomwe mumalalikira kuti ndi chikhulupiriro?"

"Chikhulupiriro, inde. Koma wokhulupirira amaonekera pa kumvera."

"Ndiye kuti Mulungu akawasuzumira m'mimba?"

"Iwe, sukulu unaithawa. Za malemba uzisiyire eni ake."

Apo mtima unawira. Ndinamenya chidebe chawo ndi mwendo, madzi n'kutayikira pa ukonde.

"Milamba mumagulitsa pamsewu paja ija, ikafika m'manja mwanu imamera mamba?"

Ndinkayembekezera kuti andikalipira. Ayi. Anaimika chidebe chija pang'onopang'ono, maso ali ofiira, sindidziwa ngati kunali kulira kapena dzuwa.

"Kugulitsa si kudya," anayankha motsitsa, ngati iwonso atopa nawo mawuwo. "Ndibwera ngati mnzake. Koma nyimbo sindingathe. Ndikalola kwa bambo ako, ena amene tinawakaniza kale ndikawauza chiyani?"

Ndinabwerera wapansi m'minda ya chinangwa, ndikusakasaka mawu okawauza mayi. Sanandifunse n'komwe. Anangondiona nkhope n'kulowanso m'nyumba ya siwa.

Tsiku loika, anthu anabwera ambiri, ngakhale anzawo a bambo achisilamu a ku boma. Mkulu uja ananyamula nawo bokosi mpaka kumanda, osalola wina kuwalandira. Njira yonse kunkangomveka mapazi mumchenga ndi kulira kwa azakhali. Mayi ankacheukacheuka kumsewu, mwina kwaya itulukira.

Anzanga amandifunsa kuti wolakwa anali ndani. Mkangano umenewo ndinatopa nawo, umangondipweteketsa mutu. Ine kumpingo ndinasiya. Mayi amapitabe Loweruka lililonse. Mlongo wanga akuti amakhala mpando wakumbuyo, ndipo nyimbo ikayamba, iwo satsegula pakamwa.