Baji Imene Ndinkavala Pamimba

Zaka zija ntchito zinasowa ku Ireland, ife tinkakhala ku Balbriggan, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kumapeto kwa msewu. Kuseri kwathu kunali nyumba zambiri zosamaliza, zopanda mawindo, udzu utamera m'makomo. Zina mwa nyumbazo amuna anga anamanga nawo kampani yawo isanatseke. Akamaperekeza ana athu awiri kusukulu ankadzera dala komweko n'kumawalozera kuti, "Khoma ilo ndi langa ilo, taonani kuwongoka kwake." Ana ankawayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, iwo n'kumangoseka.

Anthu amati inali nthawi yoipa, ndipo sindikutsutsa. Koma ine ndikamaikumbukira mtima umakhala m'malo, chifukwa sitinakhaleponso pamodzi ngati mmene tinakhalira nthawi imeneyo. Bambo a anawa anafika pophunzira kuluka tsitsi la mtsikana wathu, ngakhale mizere yake inkangopita uku ndi uku ngati tinjira ta mbuzi.

Wogwira ntchito m'nyumbamo ndinatsala ndekha. Ndinkakolopa pa chipatala china chachikulu mumzinda, kudzera ku kampani yolemba anthu oyeretsa. M'mawa uliwonse ndinkakwera sitima, n'kukhala cha kumanzere kuti ndiziona nyanja. Kolona ndinkanenera m'thumba la jekete, anthu osadziwa, ndipo ndikamamaliza n'kuti tikuyandikira siteshoni ya Connolly. Maulendo amenewo ndimawasowa mpaka lero.

Patapita miyezi ingapo anandisamutsira kunsi, kumene amajambula anthu m'kati mwa thupi. Odwala akumeneko amawabaya mankhwala okhala ndi mphamvu ina yosaoneka ndi maso, imene amati radiyeshoni, kuti makina athe kuona pamene pali matenda. Mphamvuyo imachoka m'thupi pang'onopang'ono, ina imatulukira mumkodzo, n'chifukwa chake odwalawo anali ndi chimbudzi chawochawo. Wokolopa chimbudzicho ndinali ine.

Tsiku loyamba, mayi wachizungu woyang'anira za chitetezo kumeneko, wamtali, waimvi, anandipatsa kabaji kapulasitiki kofanana ndi bokosi la machesi, kolembedwa dzina langa. Anati mwezi uliwonse azindisinthira. Anafotokoza zambiri ndithu, koma anthu akuno amayankhula ngati wina akuwathamangitsa, ndipo ine sukulu ndinalekezera sitandade 7. Chimene ndinagwira n'chimodzi: osalowa muno wopanda baji. Zinazo ndinangogwedezera mutu. Kufunsa ndinkaopa, kuti angandione ngati wosayenera ntchitoyo, pamene kunja kunali anthu ambirimbiri oifuna.

Ndiye ndinadzimasulira ndekha. Ndinkaona madokotala akuvala maepuloni olemera otchinga mphamvu ija, n'kumati basi, kabajika ntchito yake ndi yomweyo, kungoti azungu anakachepetsa kuti ife okolopa tisamalemedwe. Komanso pajatu ine chikulire ndili ndi sikapulari m'khosi, imene amayi anga anandiveka tsiku limene ndinalandira Ukaristia koyamba. Zoti kanthu kakang'ono kovala pathupi kangasunge munthu sizinali zachilendo kwa ine.

Khirisimasi itangodutsa ndinazindikira kuti ndili ndi pakati. Sitinkayembekezera. Bambo nditawauza anati, "Mulungu wapereka, ife tilandira." Koma kuntchito ndinatsimikiza kuti sindinena. Kwathu mimba siilengezedwa, imadzinenera yokha ikakula. Komanso tinkamva mphekesera pakati pa okolopa kuti ukangonena kuti ndiwe woyembekezera, masiku ako a ntchito amayamba kuchepa mpaka atheretu. Kaya zinali zoona kaya ayi, ine sindinafune kuyesera pa banja langa.

Chimene ndinachita n'chakuti kabaji kaja ndinakachotsa pachifuwa n'kukamangirira ndi pini m'kati mwa yunifolomu, kunsi kwa mchombo. Mumtima ndinati, ine ndine wamkulu, ndipirira, koma kabajika katchinge mwana. Akandipatsa katsopano, kankapita pomwepo. Ndinkalowa m'chimbudzi muja ndi mopu wanga mtima uli zii, nyimbo ili pakamwa.

M'nyengo ya Lenti chaka chimenecho kunachitika ngozi ija ya ku Japan. Kunachita chivomezi, madzi a m'nyanja anasefukira kumtunda, kenako fakitale yopanga magetsi a nyukiliya inayamba kuphulika. Pa TV tinkaona amuna ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi akulowa m'fakitalemo pamene anthu ena onse akuthawa. Lamlungu, pa Misa ya Chichewa ku Drumcondra, wansembe wa kwathu amene ankachita maphunziro kumeneko anawatchula m'mapemphero. Ine ndinkangoganiza za akazi awo.

Kuntchito ndinali ndi mnzanga, mayi wa ku Chipata, wothandiza manesi, amene anali atakhalitsa pachipatalapo. Ankanditchula kuti mulamu chifukwa makolo a amuna awo anachokera ku Mchinji, ine ndinkawatchula asisi. Pa nthawi ya tiyi tinkakhala limodzi, kumagawana mtedza wokazinga umene ankabwera nawo m'kabotolo ka khofi.

Tsiku lina tikumwa tiyi, TV inanena kuti ena mwa amuna aja aponda m'madzi okhala ndi radiyeshoni ndipo awatengera kuchipatala. Mawu akuti madzi anandibaya, chifukwa inenso ntchito yanga inali ya madzi apansi.

"Asisi," ndinatero, "kodi anthu amenewa mabwana awo sanawapatse mabaji?"

"Anavala, mulamu. Kuja sungangene ulibe baji."

"Nanga yawalowa bwanji?"

Anatsitsa kapu n'kundiyang'ana. "Imwe mulamu, muganiza baji ichita chani?"

"Imatchinga."

Anaseka mpaka tiyi anatayikira pa tebulo. "Itchinga! Aka kanthu aka? Mayo ine, a Malawi muzanipaya. Baji ni mboni chabe, mulamu. Ipenda vamene mwalandila, monga mita ya malaiti. Mita inaletsapo malaiti kuyaka?"

Ankasekabe, koma ataona kuti ine sindikuseka, komanso pamene panali dzanja langa, kuseka kunathera m'kamwa. Anayang'ana pachifuwa panga.

"Baji yanu ili kuti?"

Ndinakweza yunifolomu pang'ono n'kuwaonetsa.

"Miyezi ingati?"

"Itatu."

"Tiyeni manje manje tikakambe na amai aja a chitetezo."

"Asisi, bambo ali pakhomo. Akandichotsa ine, ana adya chiyani?"

Anandigwira dzanja. "Ine sinizakamba, ni nkhani yanu. Koma lelo chimbuzi chija simungena, nizapempha wina. Mailo m'mawa nizakuyembekezani pa geti."

Musitima tsiku limenelo kolona inandikanika. Ndinkayamba Tikuoneni Maria n'kusokonekera pakati. Ndinkangowerenga m'mutu masiku onse amene ndinagwada m'chimbudzi muja ndikupukuta pansi, mimba ili pafupi ndi madzi, ndikuimba. Ndinadziona wopusa kwambiri. Ndinkati mwana ndamubisa kuseri kwa chishango, pamene ndinamuimika pamtetete.

Ndinapeza bambo akusenda mbatata ku kitchini, ana ali pa homuweki. Ndinatseka chitseko n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera mpeni uli m'manja.

"Ndiye mukuganiza zotani, amayi?"

"Ndikanena, mwina ntchito ithera pomwepo."

"Ithe," anatero. "Ana tili nawo ndi atatu tsopano, osati awiri. Yanga inatha, kodi tinafa? Mawa mukanene. Ndikuperekezani kusiteshoni."

Anandiperekezadi, m'mphepo yozizira ija, atavala chipewa cha mwana wathu chifukwa chawo sanachipeze. Sitima ikunyamuka ndinawaona akadali chiimire pa pulatifomu, kachipewa kofiira kali pamwamba pa mutu, ndipo ndinaseka ngakhale mumtima munali mantha.

Asisi ndinawapeza pa geti monga ananenera. Tinatsikira limodzi ku ofesi ya mayi waimvi uja. Mawu a Chingerezi amene ndinakonza musitima anandithawa onse, moti ndinayankhula Chichewa, asisi n'kumamasulira. Ndinkadikira kukalipiridwa. Koma mayiyo atangomva kuti ndine woyembekezera anadzuka, kuzungulira tebulo, n'kundikumbatira. Kenako anafunsa kuti baji ili kuti. Ndinamuonetsa, nkhope ili pansi, asisi n'kumufotokozera chimene ine ndinkaganiza.

Sanaseke. Anafunsa kuti ndinayamba liti kuvala pamenepo. Ndinati kuyambira Januwale. Anafunsanso ngati panali tsiku limene ndinaiwala. Ndinati ayi, ngakhale limodzi, ndikanaiwala bwanji chinthu chimene ndinkati chikusunga mwana wanga.

Anakhala pansi n'kupumira m'mwamba. Zimene ananena, asisi anandimasulira pang'onopang'ono. Anati mayi woyembekezera akanena msanga, iwo amamuuza kuti azivala baji pamimba pomwepo, kuti adziwe zimene zikufika kwa mwana. Ndiye ine, mosadziwa, ndinachita zimene akanandiuza. Zimene mabaji anga anawerenga miyezi imeneyo ndi zimene zinafika pamene panali mwanayo, sipafunikanso kungoganizira. Anatsegula faelo n'kundionetsa zotsatira za mabaji awiri am'mbuyo, nati palibe chodetsa nkhawa. Yachitatu, imene ndinali nayo pathupi, anaitenga n'kuiika mu envulopu kuti ipite kukayezedwa tsiku lomwelo.

Kenako ananena chinthu chimene sindinayembekezere kumva kwa bwana. Anati wolakwa ndi iye, chifukwa tsiku loyamba lija anayankhula koma sanaonetsetse kuti ndamva. Anatenga pepala n'kundijambulira munthu, chitseko ndi wotchi, kundionetsa kuti chimene chimateteza ndi kutalikira, kusakhalitsa, magolovesi, ndi kudikira nthawi imene analemba pachitseko usanalowe. Zodikira ndi magolovesizo ndinkachita kale chifukwa ndinkaona anzanga akuchita, osadziwa kuti chitetezo chenicheni chinali chimenecho. Ku kampani yathu anaimba yekha foni ine ndili pomwepo. Sindinamve zonse, koma mawu ake anali a munthu wosapempha.

Tsiku lomwelo anandikweza kumtunda, ku mbali ya odwala maso, kumene kunali mawindo aakulu ndi nkhalamba zokonda kucheza. Gogo wina ankandifunsa tsiku lililonse ngati kwathu kumagwa mvula yambiri ngati kuno, ndikamuyankha n'kuiwala, mawa n'kufunsanso.

Zotsatira za baji yachitatu zinatenga pafupifupi masabata awiri. Ngakhale mayi uja anati ndisade nkhawa, mtima wa kholo sumva zimenezo. Mwezi umene ndinavala baji imeneyo ndi umene odwala anachuluka kunsi kuja, ndipo ndinkakumbukira tsiku lina limene ndinapeza pansi ponse pali ponyowa. Lachisanu ndinkapita ku Njira ya Mtanda ku parishi yathu ya ku Balbriggan, n'kumapempherera mwana wanga pamodzi ndi amuna a ku Japan aja, chifukwa tsopano ndinali nditadziwa kuti iwo ankalowa m'fakitale muja akudziwa bwinobwino kuti kabaji sikawatchinga. Ine ndinkalowa mosadziwa, iwo ankalowa akudziwa. Zinawathera bwanji sindinamve, TV inasiya kuwaonetsa n'kuyamba zina. Koma mpaka lero ndikamapempherera anthu ogwira ntchito zoopsa, nkhope zimene zimandibwerera ndi zawo, ngakhale sindinazione chifukwa zinali zophimba.

Tsiku la zotsatira mayi waimvi uja sananditumizire uthenga. Anakwera yekha masitepe kudzandipeza ndili ndi mopu m'khonde, asisi ali pambuyo pake akupuma wefuwefu. Anandionetsa pepala n'kuloza ndi chala. Manambalawo sindinawamve, ndinayang'ana asisi.

"Mulamu, akuti ni ving'ono maningi. Akuti mukakwela ndeke kuyenda ku Lilongwe mulandila vambili kupambana apa. Mwana ali chabe bwino."

Ndinagwada pomwepo m'khonde, pansi pali ponyowa, n'kuyamika Mulungu mokweza m'Chichewa. Nkhalamba za maso zija zinatulutsa mitu m'zitseko kufunsa ngati wina wagwa.

Ntchito sinathe. Kampani inandichotsera tsiku limodzi pa sabata, ndipo sindinadziwe ngati chinali chifukwa cha mimba kapena mavuto a nthawiyo, poti anzanga enanso anawachotsera. Tsiku limenelo ndinkakhala pakhomo ndi bambo, kumayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa nyanja mimba ikukula, mpaka nthawi yokatenga ana kusukulu.

Mwanayo anabadwa mu Seputembala, wamkazi, wolira mokweza kuposa akulu ake onse. Nesi atamupereka kwa bambo ake, iwo anamuvundukula kansalu n'kuyamba kuwerenga zala zam'manja, kenako zakumapazi, chimodzichimodzi, milomo ikugwedera. Atamaliza anayambiranso. Nesi uja anaseka n'kufunsa ngati akuganiza kuti chipatala chabisako china.

"Zakwana, amayi," anandiuza, misozi ili m'maso. "Zonse zakwana."