Mkono wa Ababa Umene Unakwiriridwa ku Khonjeni

Ndinali ndi zaka khumi pamene mkono wamanja wa Ababa unakwiriridwa, eni ake akadali moyo. Chinali chaka chimene dziko linasintha boma. Tinkakhala m'malaini, nyumba za antchito a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, Amayi akuthyola tiyi kumunda, Ababa akugwira ntchito kufakitale. Tsiku lina makina opera masamba anakoka malaya awo, kenako dzanja. Kuchipatala anaudula mkonowo pamwamba pa chigongono. Kwathu chiwalo cha munthu sichitayidwa kudzala, choncho atsibweni awo, a Namakhwa, anaukulunga m'nsalu n'kukaukwirira kumanda a kwawo ku Khonjeni.

Bala linapola bwinobwino. Chimene chinakana kupola ndi dzanja limene kunalibelo. Ababa ankati zala zake zafumbata, sizikutambasuka, ndipo zikhadabo zikungokula n'kumalowa m'chikhatho poti palibe woziwenga. Kukagwa chiperoni, nkhungu itaphimba mizere ya tiyi, anthu onse akunjenjemera, iwo ankakhala pakhonde thukuta lili kamukamu, mano atalumana.

Adokotala anapima pomwe anadulapo, anati palibe vuto, nawapatsa panado. M'malaini anthu sasowa chonena. Ena ankati mutu wasokonekera, ena ankati akungofuna kumveredwa chisoni. Mkulu wa mpingo wathu wa Sabata, munthu wofatsa ndithu, anabwera kudzapemphera nawo, ndipo atatha anawalangiza kuti avomereze kuti mkonowo unapita.

"Ine ndinavomereza kale," anayankha Ababa. "Ukukana ndi mkonowo."

Ineyo ndinali ndi ntchito yanga. Ndikaweruka kusukulu ankandiitana, "Esinati, tabwera undisisite." Sankanena pachipsera pajapa ayi. Ankaloza pamwamba pa bondo lawo, pamene dzanja likanakhala likanakhalapo. Ndinkagwada n'kumasisita mpweya, iwo atatsinzina.

"Osati pamenepo, chimenecho n'chala chachikulu. Tsika pang'ono."

Mantha ndinali nawo, sindibisa. Tsitsi linkandithawa. Masiku ena zala zanga zinkamva ngati zakhudzadi kanthu kofunda, ndipo ndikamaliza ndinkathamangira kumpopi kukasamba m'manja, osauza munthu.

Mvula itabwera ndi kupita kawiri, Ababa anali atasiya kudya, tulo sankatiwona, thupi litatha. Masana ena Amayi akuweruka kumunda anawapeza ataima m'mphepete mwa damu la esiteti, akungoyang'ana madzi. Anawagwira malaya mpaka kunyumba. Mawa lake anatumiza uthenga ku Khonjeni.

A Namakhwa anafika panjinga yawo yolira. Anali nkhalamba yowonda, yoyankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chilomwe. Anakhala pamkeka, nawauza Ababa kuti afotokoze zonse. Kenako anayamba kufunsa. Zafumbata zala zonse, kapena zina? Chachikulu chili mkati kapena kunja? Dzanjalo lagona chafufumimba kapena chagada? Ndinaona nkhope ya Ababa ikusintha, chifukwa chichitikire ngoziyo panalibe amene anawafunsa za dzanjalo ngati chinthu chimene chilipo.

"Ndiye kuti tinaugoneka molakwika," anatero a Namakhwa. "Tikaufukule, tikauwongole."

Amayi anayang'ana pansi. "Nanga akamva akumpingo?"

"Akamva amve, amake Esinati. Kodi mukufuna tikwirire munthu yense?"

Tinapita Lamulungu m'mawa, tsiku limene a Sabatafe timagwira ntchito zathu. Ana salowa kumanda, ndipo mwini mkono sankaloledwa kuuona, motero ine ndi Ababa tinatsala pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa njira. A Namakhwa ndi amuna ena apamudzi analowa m'nkhalangomo ndi makasu. Kunali kachisanu. Tinkamva khasu likugunda dothi lonyowa, likasiya, likayambanso. Kenako kunangoti zii. Ababa ankapuma ngati munthu wokwera phiri, maso ali pamwamba pa bondo lawo.

Amunawo anatuluka matope ali m'miyendo. A Namakhwa anadzaima patsogolo pa Ababa, natambasula chikhatho chawo pang'onopang'ono.

"Tinaupeza utafumbata, monga unanenera, chachikulu chili mkati. Tawongola chala chimodzichimodzi. Zikhadabo tawenga. Wagona bwino tsopano."

Ababa anayang'anitsitsa mpweya uja, kenako anati, "Zatseguka." Analira, munthu wamkulu, pamaso pa anthu. Tsiku limenelo anagona pamkeka kuyambira masana, ndipo Amayi analetsa aliyense kuwadzutsa.

Anachiradi, kwa kanthawi. Anayambanso kudya, ananenepa, anapeza ntchito ya ulonda pageti. Ntchito yanga yosisita inatha. Koma nyengo yozizira yotsatira, ndikusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, ndinamva mawu aja, otsika kwambiri, "Esinati, tabwera." Zala zinali zitafumbatanso. Anandiletsa kuuza Amayi kapena a Namakhwa. "Anthu aja anandikumbira manda m'matope," anatero. "Ndisawachititse manyazi." Kudamu sanabwererenso, koma ululuwo anaunyamula chamseri, odziwa tili awiri.

Ndili ku sekondale, patchuthi china, ndinapita ku Khonjeni ndipo ndinalimba mtima kuwafunsa a Namakhwa chimene anaona m'dzenje lija. Anandiyankha mosabisa.

"Mwana iwe, nthawi yonse ija itapita, m'dothi lonyowa lija, ukuganiza kuti munatsala chiyani? Timafupa tokhatokha, tobalalika. Panalibe chowongola."

"Ndiye munawanamiza?"

"Ndinanama, inde. Koma kukumba tinakumbadi. Bambo ako ankafuna munthu woti apite akaone."

Ndinabwerera kumalaini mtima uli wosokonezeka. Ndinawakwiyira a Namakhwa, komanso funso linandigwira limene silinandisiyebe: ngati m'dzenjemo munalibe chowongola, chinatsegula zala zija n'chiyani? Nanga chinazitsekanso n'chiyani?

Funso limenelo ndi limene linakhala ntchito yanga. Ndinaphunzira za kaganizidwe ka munthu, ndipo zaka zanga zonse zauchikulire zapita ndikufufuza za anthu okhala ndi ululu wosatha: amayi othyola tiyi amene msana suwapatsa mtendere chonsecho makina akuchipatala sapeza kanthu, anthu odulidwa miyendo, nkhalamba zimene abale anatopa nazo. Zimene ndapeza zimawerengedwa ndi anzanga m'mayiko amene Ababa sankawadziwa ndi dzina lomwe. Ena mwa amene ndinawaphunzitsa ali m'zipatala zakumidzi, ndipo chimene chimandisangalatsa kuposa mapepala onse n'kumva namwino akufunsa wodwala kuti, "Tandiuzani, ukupweteka motani?" m'malo mothamangira kunena kuti palibe vuto. Anthu akamandiyamikira pamisonkhano ndimamwetulira, koma mumtima ndimakhala ndagwada pakhonde la m'malaini.

Ndikudziwa tsopano kuti ubongo umasunga chithunzi cha thupi lonse, ndipo mpeni wa dokotala sufikako. Ululu umene umachokera kumeneko si bodza, si misala, umapweteka ngati wina uliwonse. Ndikudziwanso kuti mantha ndi kusakhulupiriridwa zimauwonjezera, ndipo n'chifukwa chake makasu aja anathandiza. Odwala anga sindiwanamiza, chifukwa ndinaona kuti bodza, ngakhale lachifundo, silikhalitsa, ndipo limamusiya munthu akuchita manyazi kunena kuti zayambanso. Koma sindiwaweruzanso a Namakhwa. Anapulumutsa moyo wa bambo anga pamene tonse tinali titasowa chochita.

Ababa anamwalira ndili ku koleji, ndi matenda ena, zala zija zikadali zofumbata. Patangopita miyezi yochepa, mphunzitsi wathu anatisonyeza njira ina yothandizira anthu otere. Wodwala amaimika galasi pakati pa manja ake, amayang'ana chithunzi cha dzanja lamoyo pamalo pa lodulidwalo, n'kumalitambasula pang'onopang'ono, maso akuuza ubongo kuti zala zatseguka. Sizithandiza aliyense, ndipo sindingalumbire kuti zikanawathandiza. Anzanga ankalemba, ena akuseka podabwa kuti chinthu chophweka choncho chingagwire ntchito. Ine ndinatuluka m'kalasimo. Galasi tinali nalo m'nyumba mwathu zaka zonse zija, litapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawagwirira ndine pamene ankameta ndevu.