Nthambi zimene alamu anga anayala pamsewu

Amuna anga atamwalira, zonse za maliro anazitenga ndi alamu anga, mng'ono wawo wa malemu. Ine sindikhulupirira munthu, ngakhale wogulitsa makala ndimayamba ndapisa dzanja pansi pa thumba. Koma sabata imeneyo maso anga anali otupa, ndipo ndinangoti chitani.

Kuno ku Chifubu maliro akagwa timayala nthambi pamsewu kuti magalimoto azidutsa pang'onopang'ono. Timayala pafupi ndi nyumba, uku ndi uku, basi. Alamu anga sanatero. Anakaika nthambi ndi miyala kumtunda kwenikweni pamphambano, zina kumunsi pafupi ndi msika, ndipo tenti anaikhoma pakati pa msewu. Maminibasi onse anayamba kuzungulira njira ya kuseri.

"Alamu, simunatseke mopitirira?" ndinawafunsa.

"Malemu anali mkulu wa mpingo, alamu. Tiziimba nyimbo makondakitala akukuwa?"

Ndinaona ngati ulemu. Kenaka anati tisaike msanga, tidikire achibale ena ochokera ku Katete. Tinadikira mpaka azimayi a chigwirizano mawu anasasa. Achibalewo sanafike.

Masiku onsewo, pansi pa mtengo wa mango tsidya la msewu, pankakhala atsikana awiri ovala majekete owala, mapepala ali pamiyendo. Ndinawaona, chifukwa ine palibe chondidutsa. Ndinayesa ndi anzake a mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Kitwe, ndipo akuchita manyazi kulowa. Ndinawatumizira tiyi ndi mabanzi.

Patapita miyezi anatiitanira msonkhano kusukulu. Kampani ina inkafuna kumanga malo oimikapo mathiraki opita ku Congo, pabwalo lija ana ankasewerapo mpira, geti yake kuyang'ana msewu wathu. Akhonsolo salola zotere asanamve kuchuluka kwa magalimoto odutsa. Bambo wina wa tayi, wochokera kukampaniko, anaimirira n'kunena kuti kuwerenga kunachitika, ndipo msewu wathu ndi wa zii, mathiraki sadzasokoneza munthu.

Anthu anaseka. Msewu wathu wa zii! M'mawa uliwonse ndinkagwira dzanja mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wa ku Kitwe uja, amene ndinkamulera, kuti awoloke apite kusukulu, ndipo tinkaima mpaka mawondo kuwawa.

Potuluka, mmodzi wa atsikana a majekete aja anandigwira mkono.

"Ambuya, mwandikumbukira? Tiyi uja, natotela sana, zikomo kwambiri."

"Munkachita chiyani pansi pa mango paja?"

"Kuwerenga magalimoto, ambuya."

"Pamaliro? Msewu uli wotseka?"

Anayang'ana pansi. "Ife tinawauza abwana. Anati woimira anthu a dera lino ndiye anaimba foni kuti bwerani sabata ino, musachedwe."

Analoza ndi mutu. Pakhomo panali alamu anga, akugwirana chanza ndi bambo wa tayi uja, manja onse awiri.

Sindinakuwe. Ndinavala chitenje changa chabwino n'kupita kukhonsolo. Mayi wa padesiki anandimvera mpaka kumapeto, nati alemba. Mwina analembadi. Geti inamangidwa mvula isanagwe, ndipo amene amalemba ntchito alonda a pamenepo ndi alamu anga.

Tsiku lina tikuwoloka, mdzukulu wanga uja anagwetsa chikwama cha mabuku. Anati abwerere, ndinamukoka mkono mpaka analira. Thiraki imene inkabwerera m'mbuyo kulowa pageti inaponda chikwamacho, botolo la madzi n'kuphulika. Mayi ake anamva nkhaniyo. Loweruka anabwera, analongedza tizovala take, n'kupita naye ku Kitwe. Sindinawaletse. Ndikanati chiyani?

Alamu anga amandipatsabe moni kutchalitchi.

"Mwashibukeni, alamu?"

"Tauka. Achibale a ku Katete aja afika liti?"

Amatsokomola, n'kuyang'ana m'buku la nyimbo.

Nyumba ino tsopano imanjenjemera mathiraki akamadutsa, makapu akugundana m'kabati, ndipo palibe wondidzutsa kuti ambuya tachedwa. Mwana wanga ndamuuza, ndipo ndabwereza pamaso pa abusa: tsiku langa likafika, tenti ikhale m'kati mwa mpanda. Pamsewu pasagwe tsamba ngakhale limodzi, ndipo alamu anga akhale kunja kwa geti.