Mzere wa Bantomu ndi Chikasu

Ndikukumbukira kuti mvula yoyamba inali itangokata, ndipo dziko lonse linkanunkhira dothi lonyowa. Kudambo achule ankalirabe ngakhale dzuwa linali litatuluka. Inswa zinkauluka pamwamba pa chulu, ndipo kutali, cha kumsewu waukulu wa ku Katete, kunkamveka lole ikubuula pachitunda. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Atate anali kumigodi, choncho tinkaleredwa ndi atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali ndi ng'ombe ziwiri zazing'ono, Bantomu ndi Chikasu, zimene zinali zisanalawepo joko. Woziweta ndinali ine. Chilimwe chonse, popanda wondituma, ndinkaziphunzitsa kuthengo. Ndinayamba kuziyendetsa zitamangidwa pamodzi, kenaka ndinazikoketsa chipika cha msuku. Chikasu ankakonda kugona pansi n'kukana kudzuka. Ndinkakhala pambali pake, kumukanda m'khosi, kumuimbira nyimbo za ku Sande sukulu, mpaka atadzuka yekha.

M'mawa umenewo ndinatenga pulawo ya atsibweni n'kupita ndi ng'ombezo kumunda. Ndinalima mzere umodzi, kuyambira pamtengo wa muula mpaka kumalire, popanda munthu wozitsogolera. Dothi linkatembenuka lakuda, lonyezimira, akakowa akutera m'mbuyo mwanga mwakachetechete. Nditafika kumapeto ndinacheuka. Mzerewo unali wowongoka ngati woyezera chingwe, ndipo kankhungu kankakwera kuchokera m'menemo. Ndinaima nthawi yaitali, osadziwa ngati ndili maso.

Kenaka ndinathamangira kumudzi. Atsibweni anali pafupi ndi nkhokwe akukhomera khasu mumpini, achimwene anga a Yelemiya atakhala pambali.

"Atsibweni, zalima! Bantomu ndi Chikasu zalima, popanda wozitsogolera!"

Sanadzutse n'komwe mutu. "Zija? Zinabadwa zofatsa zija. Ngakhale mwana woyamwa angalime nazo."

A Yelemiya anaseka. "Kamzere kamodzi komwe wabwera nako wefuwefu? Nanga ukadzamaliza munda wonse tidzakuimbira ng'oma?"

"Pulawo yanga ukaibweze pamalo pake," anatero atsibweni, napitiriza kukhoma.

Sanandimenye, sananditukwane. Ndinabwerera kumunda, ndinamasula ng'ombe, ndinatsuka pulawo. Achule anali atasiya kulira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kubwera ndi nkhani zabwino kunyumba. Nditakhoza mayeso a giredi seveni, atsibweni ndi achimwene anamva kwa aphunzitsi. Patapita zaka, nditasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, anamva kwa anthu. Sitinakanganepo. Tinkapatsana moni, kufunsana za mvula ndi za fetereza, kukumana pamaliro. Koma chokoma chikandigwera, sindinkawaganizira, ndipo nawonso analeka kundiuza zawo. Atsibweni anamwalira tikadali choncho.

Mkazi wanga, amake Esinati, ankaziona. "Inu, chabwino chikakuchitikirani mumachibisa ngati mwachita kuba," ankatero. Ine ndinkangomwetulira, poti sindinkadziwa poyambira.

Amake Esinati atatisiya chaka chatha, a Yelemiya anabwera kuchokera ku Sinda, ndipo anthu atabalalika iwo anatsalira. Tsiku lina masana tinakhala pakhonde, mitambo ikusonkhana kum'mawa. Panjira panadutsa ng'ombe ziwiri pajoko, zikukoka ngolo. Achimwene anaziyang'ana mpaka zinazimiririka m'mitengo ya mango.

"Tomasi," anatero, "mzere uja unali wowongoka."

"Mzere uti, achimwene?"

"Wa Bantomu ndi Chikasu. Madzulo ake tinapita kukauona, ine ndi atsibweni. Anauyenda wonse, manja kumbuyo, mpaka kumalire. Pobwerera anati, 'Usakamuuze, angadzikuze.'" Anasisita bondo lawo lodwala. "Ine ng'ombe zija ndinali nditaziyesapo kale, zinandigwetsa m'minga. N'chifukwa chake ndinaseka."

 M'maganizo ndinkaona atsibweni akuyenda okha mumzere wanga, dzuwa likulowa, mapazi awo akutitimira m'dothi limene ine ndinatembenuza. Chithunzi chimenechi ndinachisowa moyo wanga wonse, chikhalirecho chinalipo.

Lero ndikumvetsa. Wina ankayesa akunditeteza ku kunyada, wina ankaphimba manyazi ake. Palibe amene ankafuna kunditaya, komabe mawu ochepa aja anatilanda zaka zambiri zokondwera pamodzi. Munthu akabwera akuthamanga ndi chimene wachita, sakufuna ng'oma, akufuna kuti mudzuke mukaone. Masiku ano mdzukulu wanga akandiitana kuti ndikaone kanthu kake, ndimasiya chimene ndagwira n'kupita.

Madzulo a tsikulo ndinawauza achimwene nkhani zanga zonse zimene sindinawauzepo, kuyambira ya mayeso, ndipo tinapemphera pamodzi mvula ikugwa pamalata. Atsibweni ali kumanda, a Yelemiya ali ku Sinda. Ndinawakhululukira onse awiri.