Mtsempha wa Bambo a Ana

Amene anandibweretsera mavuto m'nyumba anali wansembe wokalamba wa ku Italiya, pa parishi yathu ya ku Kawangware. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, tili ku Nairobi chifukwa cha ntchito ya amuna anga. Amalawife tinali ndi kakwaya kathu, iwo akuimba tena, ine aluto.

Tsiku lina titamaliza kuphunzira nyimbo, wansembeyo anatisimbira za munthu wakwawo wa zaka za m'ma 1800. Akuti anali mwana wa wosoka nsapato, koma liwu lake la tena linamuchotsa kumudzi n'kukamuimika m'nyumba zikuluzikulu za masewero oimba, aja amati opera. Anzake akafika pokwera ankachepetsa liwu ngati kamtsikana. Iye ayi, ankalitulutsa m'chifuwa lonse lathunthu. Ndiye tsiku lina ali pakati pa nyimbo, mtsempha wa m'khosi unaphulika, munthu n'kugwa pomwepo.

Nkhani inali imodzi, koma tinaigawana. Amuna anga anatola za chifuwa, ine ndinatola za mtsempha. Pajatu iwo anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Kuyambira pamenepo bafa yathu inasanduka Italiya. M'mawa uliwonse kukuwa, mpaka mayi woyandikana nafe anagogoda n'kundipepesa m'Chiswahili kuti “pole”, poganiza kuti talandira uthenga wa maliro. Amuna angawo anafika pokagula mpango kumashopu a ku Eastleigh, ati oimba enieni sayenda khosi lili pamtunda. Dzuwa likuswa mtengo, iwo ali mu mpango!

“Bambo a ana,” ndinatero, “mukufuna ndibwerere kumudzi ndi bokosi?”

“Mantha anuwo, amayi. Liwu lilipo, likungofuna njira.”

“Njira yake ndi ya kumanda imeneyo.”

Ndinkanena moseka, koma ndinkaopa zenizeni. Akakweza mawu, mitsempha ya m'khosi inkatupa ngati zingwe, maso ali psuu.

Pa Pasaka tinali ndi Aleluya wina wothera pamwamba penipeni, ndipo kothera kwakeko anawapatsa iwo kuti aimbe okha. Ndinawachonderera, koma kunali kuthira madzi pamsana pa bakha. Basi ndinasinthana malo ndi mnzanga n'kuima kumbuyo kwawo kwenikweni. Nyimbo itafika pamenepo anakoka mpweya, mtsempha uja n'kudzuka. Ndinawatsina m'nthiti, kutsina kwa mkazi woti sakufuna umasiye. Pakamwa panatseguka, mawu osatuluka. Ine ndinabisala kuseri kwa phewa lawo n'kuliponya liwulo ndekha, lochokera m'chifuwa momwemo.

Nthungululu zake! Misa itatha anthu anawaunjirira. “Achimwene, koma chifuwa chimenecho!” Iwo ankangoti ndi Mulungu, uku akusisita nthiti.

Wansembe uja anabwera pomalizira. Anawayang'ana iwo, n'kundiyang'ana ine, kenako ananena motsitsa mawu kuti, “Wakwathu uja analibe mkazi.”

Pobwerera, tili mu minibasi, aja amati matatu, ndinati mumtima lero ndiye ndaziputa. Titatsika amuna anga anaima pambali pa msewu, anavula mpango uja, n'kundikulunga nawo m'khosi bwinobwino.

“Lisamaleni khosilo, amayi,” anatero. “Ndine munthu wotchuka tsopano.”