A Mawaya ndi Kompyuta Yogona Masana

A Mawaya anayamba n'kukonza mawailesi pakhonde la sitolo. Lero ndi iwo amasamala makompyuta onse pachipatala. Ndi aafupi, adazi, ndipo sukuludalaivala amaipana kukhutu ngati pensulo. Chimodzi chokha chinawakanika kwa miyezi itatu: kompyuta ya pawindo lolandirira odwala inkangouma masana alionse.

Tsiku lina pabenchi panali mayi wachitsikana, khanda lake likutentha ngati mbaula. Zotsatira za magazi zinali m'kompyutamo, ndipo popanda izo adokotala sakanalemba mankhwala. Mayiyo ankangoika chala pamphuno pa mwana, maso ali pawindo.

"A Mawaya, ng'ombe yanu yagonanso," anatero kalaliki wa pawindopo, akupukuta mafuta kukamwa.

"Mumaitopetsa ndi nkhope yanuyo, alamu."

Mayi uja anaimirira. "Pepani bambo, za makompyuta sindizidziwa. Koma ndabwera kanayi mwezi uno. M'mawa, anthu ali pamzere, siifa. Imafa achimwenewa akabwera kokadya."

A Mawaya anayang'ana kalaliki uja. Kenako anaseka mpaka sukuludalaivala inagwa.

"Mayi, mwandigwirira wakuba. Zolemba za odwala zimakhala m'kompyuta yaikulu kuchipinda chakumbuyo. Pakati pa iyi ndi yaikuluyo pali fayawo, mlonda wa pageti. Akaona kuti njira yangoti zii ola lathunthu, amatseka geti osauza munthu. Ndiye iyi imangolankhula ndi khoma. Ine n'kumasintha mawaya osalakwa."

"Ndiye ndisamadye?" anafunsa kalaliki.

"Idyani, mimbayo ndi katundu wa chipatala."

A Mawaya anatseka pulogalamu n'kuitsegulanso, zotsatira n'kutulukira. Anali matenda a pakhosi, mankhwala a masiku asanu basi. Mayiyo anakhala pansi pomwepo, kuseka ndi kulira pamodzi, khanda n'kudzuka kuyamba kufuna bere.

Pamene ankadikira mankhwala, a Mawaya anamuitana kuti aone. Anakonza zoti pa mphindi zisanu zilizonse kompyuta yaing'ono izifunsa yaikulu kuti, "Mulipo?" inayo n'kumayankha, "Tilipo." Mlonda akamamva kucheza, geti satseka.

"Ngati mmene ndimachitira ndi uyu akagona," anatero mayiyo.

"Eya, koma iyi siluma bere."

Atatola sukuludalaivala yawo, a Mawaya anaganiza zoti mawa sakadya masana. Adzakhala pabenchi la kogawira mankhwala, pakati pa odwala, kuti aone ndi maso awo ngati kompyuta ya kumeneko nayonso imagona.