Njinga ya a Zuze pa Khoma la Khitchini

Ndikakumbukira a Nangondo, m'mphuno mwanga mumadzaza fungo la dothi lonyowa losakanikirana ndi fodya wawo wonunkhiza, amene ankasunga m'kabotolo ka mankhwala. Nyumba yawo inali yoyandikana ndi yathu kwa Nthache. Khirisimasi ikamayandikira, pamene amayi ena ankangotsutsuta makoma ndi dothi la mtundu umodzi n'kupumula, iwo ankasanja mapale pakhonde, lina la dothi lofiira la pachulu, lina lakuda la kudambo, lina loyera la kumtsinje, n'kuyamba kujambula maluwa, nkhanga ndi mizere yokhotakhota, mpaka anthu opita kumsika ankatsika njinga kuti aone bwino.

Ine ndinali mu Sitandade 6. Kusukulu phunziro la zojambula linalipo ndithu, koma choko cha mitundu tinkangochimva mbiri. Nthawi yake ikakwana, aphunzitsi ankati, "Lero tijambula ndi makasu," n'kutitumiza kukalambula bwalo. Ndiye manja akamandiyabwa ndinkatola khala, poti kwathu makala sasowa, n'kusaka khoma. Kuseri kwa chimbudzi cha tchalitchi ndinajambulako mkulu wa mpingo akusinza. Kuchigayo ndinasiyako mbuzi itavala tayi ya ahedi. Milandu inachuluka mpaka amayi anatopa.

"Dalitso, munthu wina akangobweranso pano kudzadandaula, sukulu yathera pomwepo. Ukupita kwa amalume ako kuphiri, uzikawotcha makalawo poti umawakonda."

Kwa amalume ndinkakudziwa: utsi, nkhwangwa, matumba ndi chifuwa chosatha. Ndinapirira ndithu, mpaka tsiku limene a Nangondo anatsutsuta khoma la khitchini yawo, loyang'ana kunjira, ndi dothi loyera lija, n'kupita kumadzi. Khoma lili mbee, losalala ngati pepala la mayeso. Inuyo mukanatani? Ndinawajambula eni ake omwe, duku kumutu, chala m'mphuno, kukamwa kuli yasa akulalatira nkhuku.

Ndikumalizitsa nkhukuyo, khutu langa linakwera lokha m'mwamba.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi mayi wina wa ku Zobue."

"Wa ku Zobue wavala duku langa?"

A Nangondo anayang'anitsitsa chithunzicho, khutu langa ali chigwirire. Kenako anati, "Kukamwako wakhoza. Koma ndiwe chitsiru. Makala mvula imatsuka. Ukafuna kunyoza munthu uzimunyoza ndi dothi, likauma limafika chaka cha mawa."

Sanakanene kwa amayi. Anandipatsa chiguduli kuti nditsutsute ndekha khomalo, anzanga akudutsa n'kumandifunsa ngati ndikufunanso chitenje. Kenako anandionetsa kasefedwe ka dothi, kasungunulidwe kake kuti lisachite madzimadzi, ndi kutafuna kamtengo kunsonga kuti kakhale bulashi. Khoma litayeranso, anafwenkha fodya n'kunena kuti, "Tsopano uwajambule a Zuze."

A Zuze anali amuna awo. Ankakagulitsa makala kuboma pa njinga, ndipo pobwerera ankayamba aima kaye pa kachasu. Sabata imeneyo anali atagwera m'ngalande pamodzi ndi nsomba za ndiwo, koma ankakana kwamtuwagalu, amvekere njinga ndi imene inatopa n'kugona. Ndinawajambula miyendo ili m'mwamba, chipewa chikuuluka, galu akuthawa ndi nsomba. A Nangondo anazunguliza maluwa m'mbalimo ngati chithunzi cha ukwati.

Pofika madzulo anthu anali atadzaza njira, ena atagwira nthiti. A Zuze anatulukira, anayang'ana khomalo, n'kulunjika kwathu. Ine ndinayamba kumva fungo la utsi wa kuphiri. Amayi atangowaona akukhala pampando, analowa m'nyumba n'kuyamba kulongedza malaya anga m'jumbo.

"Mayi a Dalitso, mwana wanuyu wandichititsa manyazi."

"Pepani bambo, mawa lomweli akupita."

A Nangondo anafika akupukuta manja pachitenje. "Akupita kuti? Khoma ndi langa, dothi ndi langa, mwamuna ndi wanga. Mwanayu ndamutuma ndine. Amene ali ndi mlandu abwere kwa ine."

A Zuze anakanda m'mutu. "Ine za kugwazo sindikunena ayi, aliyense amagwa. Koma njinga yanga ili ndi belu ndi galasi. Iyeyu wajambula chiphakasa chopanda chilichonse. Anthu aziti Zuze amakwera zoterozo?"

Amayi anangoima ndi jumbo m'manja, osadziwa ngati limeneli linali dandaulo kapena ayi. Anaweruza ndi a Nangondo: munthu wopempha belu sanabwere kudzadandaula, wabwera kudzapereka ntchito. M'mawa mwake ndinakaika belu ndi galasi, a Zuze ataima kumbuyo kwanga akundilangiza pokulitsa ndi pochepetsa. Pachithunzipo anakhalabe chigonere m'ngalande, koma njinga inali yonyezimira, ndipo alendo akabwera ankapita nawo okha kukawaonetsa. Malaya anga anabwerera pachingwe.

A Nangondo anatisiya, ndipo khitchini ija inagwa ndi mvula. Ine lero ndili Fomu 3. Anzanga ena manja ankawayabwa ngati ine. Wina ankapanga gitala wa chigubu wolira kuposa wailesi, koma bambo ake anamuphwanyira kuti ndi phokoso, ndipo pano amakankha matumba kuphiri, zala zili phuliphuli ndi matuza. Mwana wa kuboma akajambula amamugulira penti n'kumati ali ndi luso. Wa kwathu amamutchola khutu. Langa analitcholanso, kungoti amene analitcholayo anali ndi khoma loti andipatse.

Pa tchuthi ndimajambula zikwangwani ku Thambani, ndipo khoma la malo ena ometera ndalidzaza mitu yoonetsa masitayelo a tsitsi. Mwini wake sadziwa kuti mitu yonseyo ndi ya aphunzitsi anga. Tsiku lina a masamu anabwera kudzameta, anaima n'kuyang'ana mutu umene uli kumapeto, n'kuuza wometayo kuti nkhope yonyansayi anaionapo kwinakwake. Mpaka pano sanazindikire kuti ndi yawo. Loweruka ndikaikulitsa makutu.